Nyanja ndi ya Yani?

1. Funso la lero

Anzanga, lero tikambirane za cinthu cimene tonse timacidziwa. Kwathu kuno ku Mecanhelas tili ndi madzi ambiri. Kumadzulo kuli nyanja ya Chirua, imene anzathu a ku Malawi amati Chilwa. Kumpoto kwake kuli nyanja ya Chiuta. Pakati pa nyanja ziwirizi pali mtunda wa mcenga. Pamtundapo padutsa njanji yocokera ku Cuamba kupita ku Nayuchi. Ndi cifukwa cake malowo anawacha Entre Lagos, ndiye kuti pakati pa nyanja.

M'nyanja izi muli ndiwo zathu: makumba, mlamba ndi matemba. Muli bango la mphasa. M'madambo mwake timalima mpunga. Ambiri a ife tinakula ndi nsomba za m'menemo.

Tsono nyanjazi ndi za yani?

Mukafunsa wanchito wa Boma, adzati: "Malamulo aakulu a dziko amanena kuti nthaka, madzi ndi cuma ca m'menemo ndi za Boma." Mukafunsa mwini makoka aakulu, adzati: "Ine ndinalipira msonkho. Ciphaso ndili naco. Ndalemba anyamata nchito." Mukafunsa agogo a padooko, adzati: "Makolo athu anali pano Boma lisanadze. Manda awo ndi awo."

Onse atatuwa sakunama. Aliyense wagwira mbali ya coonadi. Ndipo onse atatu amadya mumphika umodzi. Masiku ano timamva kawirikawiri kuti Boma, makampani ndi anthu a m'midzi ayenera kugwirizana posamala nyanja ndi nkhalango. Mawuwa ndi abwino. Mutu umodzi susenza denga. Koma pali funso lovuta limene tiyenera kulifunsa: kodi wamphamvu ndi wofooka angapangane pangano loona? Kapena wamphamvu amangonena, wofooka ndi kuomba m'manja?

2. Maganizo awiri

Funso ili si la ife tokha. Anthu ophunzira a m'maiko ena analiganiziranso.

M'caka ca 1968, caka cimene Chirua inaphwa, mphunzitsi wina wa ku America, Garrett Hardin, analemba nkhani imene inamveka kutali. Iye anapereka citsanzo ca dambo lodyetsako ng'ombe za mudzi wonse. Munthu akaonjeza ng'ombe imodzi, phindu ndi lake yekha. Koma msipu ukacepa, amavutika onse. Motero aliyense amaonjeza ng'ombe, kufikira dambo lisanduka fumbi. Hardin anaona kuti cinthu ca onse cimatha msanga. Njira zimene anthu ambiri anatengapo pa nkhani yake zinali ziwiri: cinthuco cikhale ndi mwini wake mmodzi, kapena Boma licilamulire ndi mphamvu.

Patapita zaka, mai wina wa ku America komweko, Elinor Ostrom, anafufuza m'mene anthu amakhalira m'midzi. Anaphunzira za asodzi a ku Turkey, abusa a m'mapiri a ku Switzerland ndi alimi othirira a ku Nepal ndi ku Philippines. Anapeza midzi imene inasunga cuma ca onse kwa zaka zambirimbiri osacitha. M'midzi yotere anthu ankadziwa malire a cinthuco. Malamulo ankapanga ndi eni ake ocigwiritsa nchito. Panali alonda osankhidwa ndi anthu. Wolakwa koyamba ankalandira cilango cacing'ono, akabwereza cilango cinkakula. Milandu inkatha pafupi, popanda ndalama zambiri. Ndipo Boma linkalemekeza malamulo a anthuwo. Cifukwa ca nchito iyi, Ostrom analandira mphoto ya Nobel m'caka ca 2009.

Ndani analondola mwa awiriwa? Tisapite kutali. Yankho lili pa nyanja yathu ya Chiuta.

3. Zimene zinacitika pa Chiuta

Nyanja ya Chiuta ili m'maiko awiri. Mbali yaikulu ili ku Malawi, m'dera la Machinga. Mbali yaing'ono ili kwathu kuno. Madzi ake amatsikira ku nyanja ya Amaramba, ndipo kucokera kumeneko amalowa mumtsinje wa Lugenda.

Kale asodzi a pa Chiuta ankapha nsomba ndi miono, machera ndi mbedza. Zida izi zimadikira nsomba kuti ibwere yokha. Nsomba zazing'ono zimapulumuka. Koma m'zaka za m'ma 1980 kunayamba kufika asodzi ocokera ku nyanja za Malombe ndi Chilwa. Iwo anadza ndi khoka locedwa nkaca. Khoka ili lili ndi maso aang'ono, ndipo amalikoka pakati pa nyanja. Limakokolola nsomba zazikulu ndi ana omwe. Limavundula matope pamalo oswanirana nsomba. Eni dera anadandaula kuti machera awo akuduka, madzi akumwa akuda, ndipo nsomba zikucepa.

Anthu anapita kwa mafumu. Koma mafumu ena ankalandira nsomba za mphatso kwa eni makokawo, ndipo dandaulo silinkapita patali. Paja khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

M'caka ca 1995 asodzi a tsidya la Malawi anatopa. Anasankha makomiti a padooko, nagwirizana kuti nkaca isaponyedwenso pa Chiuta. Eni makoka anacotsedwa. Nthambi ya Boma yoona za nsomba inaima nawo anthuwo. M'caka ca 1997 dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo latsopano la usodzi, limene linapatsa anthu a m'midzi mbali posamala nsomba.

Apa tikuona kuti Ostrom sananame. Anthu wamba, osadikira kuuzidwa, anapanga lamulo nalisunga.

Koma nkhani sinathere pomwepo. Ena a eni makoka aja anaolokera tsidya lino. Kuno tinali titangotuluka m'nkhondo, imene inatha m'caka ca 1992. Ambiri tinali titangobwera kumene kucokera kothawa. Lamulo loletsa nkaca la tsidya lija silinali lamulo la tsidya lino. Motero khoka loletsedwa uko linkaponyedwa kuno, pa madzi omwewo. Panabuka mikangano pakati pa asodzi a mbali ziwirizi. Apa tikuona kuti Hardin nayenso sananame. Pamene pangano lalekeza, cinthu ca onse cimayamba kutha.

Nsomba ilibe ciphaso. Siidziwa kuti apa ndi Mozambique, apo ndi Malawi. Komiti ya dooko limodzi singalamulire nyanja yonse. Pamenepa ndi pamene pafunika Boma.

4. Nchito ya Boma

Pali zinthu zimene Boma lokha lingacite. Ndi Boma limene lingakhale pansi ndi Boma linzake, kuti lamulo la pa nyanja likhale limodzi mbali zonse. Ndi Boma limene lingaime kumbuyo kwa komiti ya m'mudzi pamene wolakwa ali munthu wa ndalama. Mlonda wa padooko angalande ukonde wa mnzake wosauka. Koma khoka la munthu wolemera, wodziwana ndi akuluakulu, angalilande yekha? Popanda Boma, lamulo limaluma aang'ono okha.

Dziko lathu linalemba malamulo abwino pa zinthu izi. Lamulo la nthaka la 1997 linanena kuti nthaka siigulitsidwa. Linanenanso kuti anthu okhala pamalo monga mwa mwambo wa makolo ali ndi ufulu pamalopo, ngakhale alibe pepala. Umboni wa pakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzi ndi wokwanira. Ndipo kampani isanapatsidwe malo, anthu a pamalopo ayenera kufunsidwa. Pa za nsomba, pali mabungwe ocedwa Conselho Comunitário de Pesca, mwacidule CCP. M'menemo mumakhala asodzi, eni zida, ogulitsa nsomba ndi atsogoleri a m'midzi. Lamulo la usodzi la 2013 linatsimikiza kuti anthu azitenga mbali posamala nsomba.

Koma Boma lili ndi malire ake. Wanchito wa Boma amakhala ku Insaca, mkulu wake ku Lichinga. Madooko ndi ambiri, ndipo khoka limaponyedwa usiku. Amene amaona ndi ife. Lamulo lolembedwa ku Maputo, ngati anthu a padooko sakulidziwa kapena sakulivomera, limangokhala pepala.

Boma lili ndi yeso lakenso. Limafuna msonkho womangira sukulu, zipatala ndi miseu. Amene amapereka msonkho waukulu ndi kampani. Motero khutu la Boma lingathe kupendekera kwa amene ali ndi thumba. Woweruza mlandu akamadya kwa mmodzi wa eni mlandu, winayo ayenera kukhala maso.

5. Nchito ya kampani ndi amalonda

Ena amati kampani ndi mdani, tiipirikitse. Maganizo awa ndi ofulumira. Ndani wa ife safuna ndalama? Malata a padenga, njinga, yunifomu ya mwana, zonsezi zimadza ndi malonda. Kuno ambiri timalima fodya ndi thonje. Kampani imatikongoza mbeu ndi zofunika zina, ndipo imadzagula zokolola. Nsomba nazonso zimafika ku Cuamba ndi kutali cifukwa ca amalonda. Koma walira mvula walira matope. Malonda amadza ndi matope ake.

Taonani za mitengo. Fodya amafuna zigafa, ndipo cigafa cimafuna mitengo. Kuwamba mlamba kumafuna nkhuni. Njerwa ndi makala zimafuna nkhuni. Mitengo ikatha m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje, mvula imakokolola nthaka. Nthakayo imakathera m'nyanja. Chirua ndi nyanja yosazama. Pamalo ambiri bwato amaliyendetsa ndi nsungwi yaitali yofika pansi. Ilibenso mtsinje wotulutsa madzi. Matope olowamo amakhala momwemo. Motero nkhwangwa ya kumtunda imapweteka msodzi wa padooko. Nkhani ya mitengo ndi nkhani ya nsomba ndi imodzi.

Tsono kampani ili ndi mphamvu imene wapolisi alibe. Mphamvu yake ili pa sikelo. Wamalonda akakana kugula ana a makumba, msodzi adzaleka kuwapha. Kampani ya fodya imafika pa munda uliwonse kudzera mwa alangizi ake. Imadziwa mlimi aliyense ndi dzina. Makampani a fodya amagawa mbande za mitengo kwa alimi awo, ndipo ici ndi cabwino. Koma mbande si mtengo. Cofunika kuwerenga ndi mitengo imene yakhala moyo patapita zaka zitatu. Kampani imene imapindula ndi fodya wa m'cigafa ili ndi mangawa pa mtengo umene unamanga cigafaco. Mlimi nayenso ali nawo mangawa omwewo. Ngongole iyi ayenera kugawana monga mwa phindu la aliyense.

Malamulo athu anayesa kuika onsewa pa mphasa imodzi. Lamulo la nkhalango ndi nyama la 1999, pamodzi ndi malangizo ake a 2002, linakonza mabwalo osamalira cuma ca m'thengo. M'bwalomo munayenera kukhala oimira midzi, oimira amalonda, oimira mabungwe ndi oimira Boma, ndipo mbali iliyonse ikhale ndi anthu ofanana ciwerengero. Malangizo omwewo ananena kuti pa msonkho wa matabwa ndi nyama, magawo 20 pa 100 alionse abwerere ku midzi ya kumene zacokera. M'caka ca 2005 Boma linafotokoza njira yake: mudzi usankhe komiti ya amuna ndi akazi, uilembetse, ndipo utsegule buku ku banki. M'caka ca 2023 kunabwera lamulo latsopano la nkhalango m'malo mwa la 1999. Ndi bwino komiti iliyonse ipite ku ofesi ya SDAE ku Insaca kukafunsa zimene malamulo a tsopano akunena pa gawo la midzi.

Maganizo ogawana phindu anayesedwa kale m'dziko muno. Ku Tete, m'dera la Mágoè, nchito ya Tchuma Tchato inayamba m'zaka za m'ma 1990. Ndalama zocokera kwa alenje acilendo zinkagawidwa pakati pa Boma ndi midzi. Kuno ku Niassa, kumpoto kwa Sanga, kunayamba Chipanje Chetu kumapeto kwa zaka zomwezo. Maina onse awiri amatanthauza cinthu cimodzi: cuma cathu. Phunziro lake ndi lakuti munthu amasamala cimene amadyapo.

6. Mafuwa osalingana

Amai onse amadziwa kuti mphika umakhala pa mafuwa atatu. Amadziwanso kuti fuwa limodzi likatalika kuposa anzake, mphika umapendekeka. Phala limatayikira kumene kuli fuwa lalifupi.

Lamulo lingathe kunena kuti anthu asanu a kampani, asanu a Boma, asanu a m'mudzi. Ciwerengero calingana. Koma kodi mphamvu zalingana? Imani pa Entre Lagos muone sitima ya malasha ikudutsa. Njanji ya pano inatsegulidwa m'caka ca 1970. Kenaka inakonzedwanso kuti inyamule malasha kucokera ku Moatize kukafika ku dooko la Nacala-a-Velha, mtunda wa makilomita 912, ndipo njira yonseyi anaitsegulira m'caka ca 2017. Nchito yotere imafuna ndalama zimene mudzi sungaziwerenge. Pambali pa njanjiyo paima munthu ndi khasu lake. Ukulu wa kampani si mlandu. Koma awiriwa akakhala pa mphasa imodzi, tisanamizane kuti ndi ofanana.

Tiyerekeze msonkhano wa mtundu uwu. Galimoto lafika m'mawa. Alendo alankhula Cipwitikizi, womasulira wafupikitsa mawu. Anthu amva za nchito, mjigo ndi sukulu. Za malo amene adzatengedwe amva pang'ono. Akazi akhala kumbuyo. Dzuwa lisanapendeke, pepala lazungulira, anthu adinda zala. Alendo abwerera nanena kuti anthu afunsidwa, ndipo avomera.

Kodi limeneli ndi pangano? Pepala lilipo, zala zilipo. Koma munthu amene sanapatsidwe mpata wokana, kuvomera kwake kulibe kulemera. "Inde" wa munthu amakhala ndi mtengo pokhapo pamene munthuyo akanatha kunena "iai" osaopa.

Pali njira zotalikitsira fuwa lalifupi. Yoyamba ndi nthawi. Nkhani yaikulu siithera tsiku limodzi. Anthu ali ndi ufulu wonena kuti: "Tamva. Pitani, tikambirane tokha, mubwerenso." Yaciwiri ndi kulemba. Lonjezo lililonse lilembedwe: ciyani, liti, ndani adzalipira. Pepalalo liwerengedwe mokweza m'cinenero ca anthu lisanadindidwe, ndipo lina litsale m'mudzi. Yacitatu ndi umodzi. Mlimi mmodzi pa sikelo alibe mawu. Alimi 200 a m'bungwe limodzi amamveka. Mabungwe a alimi, a asodzi, a amai, mipingo ndi mizikiti, ndiwo miyala imene timaika pansi pa fuwa lathu kuti lifike pa anzake.

7. Mlandu wathu

Tanena za Boma ndi za kampani. Tsopano tidziyang'ane tokha. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndani amatenga ukonde wa udzudzu, umene anapatsidwa kuti mwana asadwale malungo, ndi kukakokera ana a nsomba? Ndani amathira katupe m'thamanda? Ndani amatentha thengo lonse cifukwa ca mbewa? Ndani amalima kufika pa gombe la mtsinje? Si Boma, si kampani. Ndipo ndalama za mudzi zikalowa m'buku la ku banki, kodi komiti imabwera pa bwalo kudzawerenga pamaso pa onse? Tikafuna kuti kampani ionetse mabuku ake, nafenso tionetse athu.

Koma wina adzati: "Inu mukulankhula cifukwa mwakhuta. Ine ana anga agona ndi njala. Mukuti ndileke kupha nsomba miyezi ya mvula cifukwa zikuswana. Miyezi yomweyo ndi imene nkhokwe imakhala yopanda kanthu. Nsomba ya caka ca mawa ndidzaidya ndili moyo kodi?"

Munthu uyu tisamunyoze. Funso lake ndi lolemera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndi cinthu cosalungama kuuza wanjala kuti asunge nyanja, pamene mwini makoka asanu akugona wokhuta. Anyamata okoka nkaca aja nawonso sanali zirombo. Ambiri anali ana a anthu osauka, ofuna cakudya.

Yankho lake ndi ili: katundu wa kusamala asenzedwe monga mwa mphamvu. Amene amatenga zambiri ayambe ndiye kuleka. Kutseka nyanja kuyambe ndi makoka aakulu, osati ndi mbedza ya mai wamasiye wofuna ndiwo za usiku umodzi. Ndipo amene adzapindule nsomba zikacuruka, ndiwo amalonda ndi Boma lolandira msonkho, athandize wosauka kuoloka miyezi yovutayo. Pangano limene limaika katundu yense pa mutu wa wofooka silikhalitsa. Wofookayo adzavomera masana, usiku adzaponya ukonde.

Kodi anthu anjala angathedi kudziletsa? Zinacitikapo. M'caka ca 1995 Chirua inaphwa. Anthu ankayenda pansi pamene kale pankadutsa mabwato. Nsomba zotsala zinabisala m'maiwe a m'mitsinje yothira m'nyanjamo. Tsidya la Malawi, mafumu, asodzi ndi anchito a Boma anagwirizana kuteteza maiwewo, naletsa katupe ndi makoka. Inali nthawi ya cilala, ndipo nsombazo zinali zosavuta kugwira. Mvula itabwera, nyanja inadzalanso, ndipo nsomba zosungidwa zija zinakhala mbeu. Umodzi wa mitsinje yothira mu Chirua ndi Mnembo, umene umacokera kwathu kuno. M'caka ca 2018 nyanjayi inaphwanso mbali yaikulu. Tsiku lina idzaphwanso. Pamenepo mbeu ya nsomba idzakhala m'maiwe, ena a iwo ali pafupi ndi minda yathu. Mlimi wanzeru sadya mbeu, ngakhale njala ikule.

8. Amene sali pa mphasa

Pa msonkhano uliwonse pali anthu amene sitiwaona. Oyamba ndi akazi. Iwo ndiwo amatunga madzi, amatola nkhuni, amayanika matemba. Mitengo ikatha, ulendo wa ku nkhuni umatalikira iwo. Amadziwa msanga kuti zinthu zasintha. Msonkhano umene akazi sanalankhule wamva theka la nkhani.

Aciwiri ndi anansi a tsidya lina ndi a kumunsi. Madzi a Chiuta amapita ku Amaramba ndi ku Lugenda. Cimene tiwononga kuno cimakafika kwa anthu amene sitinawafunse.

Acitatu ndi ana amene sanabadwe. Iwo sangadinde cala. Sangakane, sangavomere. Boma, kampani ndi mudzi angathe kugwirizana bwinobwino, onse osekerera, kuti adye nyanja yonse m'zaka khumi. Kugwirizana kotere kulipo, koma ndi kugwirizana kwa akuba. Motero kugwirizana pakokha si ubwino. Tiyenera kufunsa kuti tagwirizana kucita ciyani, ndipo adzalipire ndani.

9. Yankho

Tibwerere ku funso lathu. Nyanja ndi ya yani?

Boma lili ndi lamulo. Wamalonda ali ndi ciphaso. Ife tili ndi manda a makolo. Koma palibe mmodzi wa ife amene anaikumba nyanjayi, ndipo palibe amene adzapite nayo. Tinaipeza, ndipo tidzaisiya. Tonse atatu tili ngati munthu wosungitsidwa mbuzi za mwini. Amamwa mkaka, nthawi zina amapatsidwa kamwana. Koma tsiku lowerenga limafika.

Nanga wamphamvu ndi wofooka angapangane pangano loona? Angathe, koma sizicitika zokha. Pangano lililonse la nyanja, la nkhalango kapena la malo tiliyese ndi mafunso anai. Kodi wofooka anali ndi mpata wokana? Kodi aliyense wasenzapo katundu monga mwa phindu lake? Kodi ndalama ndi malonjezo zili poyera, kuti aliyense aziona? Kodi cilango cimafika kwa wamkulu monga cimafikira kwa wamng'ono? Mayankho onse akakhala "inde", pamenepo mafuwa alingana, tiike mphika pamoto. Limodzi likakhala "iai", tisathamangire kudinda. Tipemphe kuti msonkhano ukhalenso.

Asodzi a pa Chiuta a 1995 sanali anthu a masukulu aakulu. Ankadziwa nyanja yawo, ndipo anaima pamodzi. Cimene cinasowa ndi pangano lofika tsidya lina. Mbali imeneyo ndi ya Boma, ya amalonda ndi ya ife okhala tsidya lino.

Mafunso okambirana

1. Chulani zida zophera nsomba zimene zili pa dooko la kwanu. Ndi ziti zimene zimapha ana a nsomba?
2. Kodi kwanu kuli CCP kapena komiti yosamala nkhalango? Anaisankha ndani? Muli akazi angati?
3. Kodi kwanu kunacitikapo msonkhano ndi kampani? Malonjezo ake analembedwa? Pepala lake lili ndi yani?
4. Munthu wagwidwa akukoka nsomba ndi ukonde wa udzudzu. Akuti kwake kuli njala. Inu mukanakhala a komiti, mukanaweruza bwanji?
5. Funsani agogo za mitengo ndi nsomba zimene zinalipo ali ana, koma lero zikusowa. Lembani maina ake m'kope lanu.